Mafunso Anu pa Basiketibolo: Woyenera All-Star Ndi Uti?

Ikangofika Januwale, makalata ambiri obwera patsamba lino amakhala a dandaulo limodzi pa za All-Star, masewero apachaka a akatswiri osankhidwa mu NBA, ligi ya basiketibolo ya ku America: uje amupondereza, uje walowa chifukwa cha dzina basi. Tasankhapo anayi.

Funso: Kometera kwathu kuno timakangana sabata ndi sabata. Ena akuti osewera a All-Star mu NBA amasankhidwa ndi masapota, ena akuti ndi makochi. Zoona n'ziti? Wowerenga wa ku Mufakose

Yankho: Achimwene, onsewo akunena zoona, kungoti aliyense wagwira mbali yake. Osewera amakhala 24, chigawo cha kum'mawa 12, cha kumadzulo 12. Asanu oyamba masewero m'chigawo chilichonse amatuluka pa voti ya magulu atatu: masapota ali ndi 50 peresenti, osewera a mu ligi 25, atolankhani 25. Asanu ndi awiri otsalawo amasankhidwa ndi makochi aakulu a matimu, ndipo kochi saloledwa kuvotera wosewera wake. Wina akavulala, womulowa m'malo amatchulidwa ndi mkulu wa ligi, Adam Silver.

Pamene ambiri amasokonezeka ndi pa kawerengedwe. Saphatikiza mavoti ayi. Amaona nambala imene munthu wakhala pa gulu lililonse. Nambala ya kwa masapota amaichulukitsa ndi 2, n'kuwonjeza ya kwa osewera ndi ya kwa atolankhani, kenako n'kugawa ndi 4. Wotsika ndiye wapambana. Taonani zomwe zidachitika mu 2017 kumadzulo, pomwe malo a ma guard (osewera akumbuyo oyendetsa mpira) adali awiri okha. Stephen Curry adali woyamba kwa masapota koma wachitatu kwa osewera ndi atolankhani: 2 kuwonjeza 3 kuwonjeza 3, kugawa ndi 4, yankho 2. James Harden adali wachiwiri ponseponse, yankho 2. Russell Westbrook adali woyamba kwa osewera anzake ndi atolankhani koma wachitatu kwa masapota: 6 kuwonjeza 1 kuwonjeza 1, kugawa ndi 4, nayenso 2. Pakakhala kufanana chotere, voti ya masapota ndi imene imagamula. Westbrook adayambira pabenchi, chonsecho sizoni yomweyo ndi imene adatenga MVP, mphoto ya wosewera wabwino koposa mu ligi.

Dongosololi lidayamba chaka chomwecho cha 2017. Kale masapota ankasankha okha oyambawo, ndipo mu 2016 Zaza Pachulia, wosewera wolimbikira koma wamba, adatsala pang'ono kulowa chifukwa anthu a kwawo ku dziko la Georgia adamuvotera mwaunyinji.

Funso: Wosewera amene ndimamukonda akumwetsa mapointi pafupifupi 28 pa gemu, koma makochi amusiya n'kutenga wina wa mapointi 24. Kodi si kaduka kameneka? Wowerenga wa ku Highfield

Yankho: Mwina si kaduka. Mapointi pa gemu ndi chiwerengero chonamiza kwambiri mu basiketibolo, chifukwa sichikuuzani kuti munthuyo waponya kangati kuti awapeze. Pa timu yofooka payenera kukhala wina woponya mipira yambiri, ndipo mapointi ake amakwera ngakhale akuphonya kuposa anzake.

Tengani pepala, muwerengere chomwe amachitcha true shooting, chiwerengero choyerekeza mapointi a munthu ndi mipira imene waponya. Mipira yaulere imene waponya (yoponya popanda womutchinga akachitiridwa faulo) muichulukitse ndi 0.44, muwonjeze mipira ina yonse imene waponya, zomwe mwapezazo muchulukitse ndi 2. Kenako gawani mapointi ake ndi nambala imeneyo. Tiyerekeze kuti wanuyo amaponya ka 24 ndi mipira yaulere 5 kuti apeze mapointi 28. Ndiye kuti 24 kuwonjeza 2.2 ndi 26.2, kawiri ndi 52.4, ndipo 28 kugawa ndi 52.4 ikupereka 53 peresenti. Winayo amaponya ka 16 ndi mipira yaulere 6 n'kupeza 24: mukatsata njira yomweyo mupeza 64 peresenti. Kusiyana kwa mapointi ndi 4 okha, koma wanuyo wadya mipira 8 yowonjezera yomwe anzake akadatha kuigwiritsa ntchito. Makochi amaona zimenezo, chifukwa ndi amene amakhala usiku kukonza njira yomutsekera.

Chachiwiri ndi kupambana kwa timu, ndipo apa makochi nawo amanyanyira. Mu 2015 Atlanta Hawks, yomwe idapambana magemu 60 sizoni imeneyo, idatumiza anayi: Al Horford, Paul Millsap, Jeff Teague, ndi Kyle Korver amene adalowa m'malo mwa Dwyane Wade wovulala. Korver ankamwetsa mapointi 12 okha pa gemu. Mu 2020 Bradley Beal wa Washington Wizards adasiyidwa, ndipo adamaliza sizoniyo ndi mapointi 30.5 pa gemu. Chaka chomwecho Trae Young adayamba masewero ngakhale timu yake ya Atlanta inkagonja kuposa Washington, chifukwa iye adadutsira khomo la voti, Beal ankadikira khomo la makochi. Apa ife tikuona kuti Beal adalakwiridwa ndithu. Munthu mmodzi sangatchinge m'malo mwa anzake anayi, ndipo kumulanga chifukwa cha timu yosanjidwa molakwika n'kumusenzetsa katundu wa mabwana ake.

Koma pamkangano wanu wa ku Highfield, mugwirizane lamulo limodzi: wotchula dzina la wosiyidwa atchulenso la amene achoke. Malo ndi 12 m'chigawo, satambasuka. Mike Conley, amene aliyense ankavomereza kuti ndi katswiri, adadikira mpaka sizoni yake ya 14, mu 2021, ndipo adalowanso ngati wolowa m'malo mwa wovulala. Kumadzulo kunali kodzaza ma guard zaka zonsezo.

Funso: Ndamva kuti wosewera amene sanafike magemu 65 saloledwa. Nanga bwanji ena ovulalavulala akusankhidwabe? Mayi wa ku Mabvuku

Yankho: Mayi, lamulo la magemu 65 ndi la mphoto za kumapeto kwa sizoni, monga MVP ndi All-NBA (mndandanda wa osewera abwino koposa a sizoni). All-Star silimukhudza, ndipo silikanatheka, chifukwa voti imatha mu Januwale matimu atasewera pafupifupi theka la magemu awo 82. Yao Ming adavoteredwa kukhala woyamba mu 2011 atasewera magemu asanu okha. Pokangana, magemu amene munthu wajomba muwawerengebe: wabwino kwambiri amene wasewera theka sanathandize timu yake kuposa wabwino pang'ono amene sanajombe.

Funso: Ife a kuno ku Harare tingavote bwanji, ndipo tingaweruze bwanji osewera amene timangowaona pa tividiyo ta pa WhatsApp? Wowerenga wa ku Dzivaresekwa

Yankho: Kuvota n'kwaulere. Tsegulani akaunti ya NBA ID pa NBA.com kapena pa NBA App, ndipo mumaloledwa kuvota kamodzi patsiku kuyambira mu Disembala mpaka mu Januwale. Pamakhala masiku ena amene voti imodzi imawerengedwa katatu. Ngati bandulo ndi yochepa, sungirani masiku amenewo. Mu 2026 ligi idachotsa zosankha motsatira malo osewera, ndipo masewerowo, omwe adakonzedwera ku Intuit Dome ku Inglewood, adali a matimu awiri a osewera a ku America ndi imodzi ya ochokera maiko ena. Malamulowa amasinthasintha, choncho muwerenge a chaka chimenecho musanavote.

Za tividiyoto, samalani. Timaonetsa mpira ukulowa, sitionetsa wosewera amene waima pansi pa golo n'kuchititsa adani kuopa kuyandikira. N'chifukwa chake Rudy Gobert adasiyidwa mu 2019 ali ndi mphoto ya wotchinga bwino koposa m'manja, n'kudzalowa koyamba mu 2020. Ngati mukufuna kuvotera a kuno ku Africa, monga Joel Embiid kapena Pascal Siakam a ku Cameroon, palibe choletsa, njira adailambula kale Hakeem Olajuwon amene adasankhidwa ka 12 ndi Dikembe Mutombo ka 8. Koma onerani gemu yathunthu ngakhale imodzi, maso anu ali pa munthuyo pamene alibe mpira: kodi amabwerera msanga kukatchinga, amatseka njira, amapatsira mnzake amene ali poyera? Gemu yoyamba 7:30 madzulo ku New York kuno imakhala 2:30 usiku miyezi ya voti, pomwe ya ku Los Angeles imayamba 5:30 m'mawa. Ya m'mawayo ndi yabwinoko kwa munthu wopita kuntchito, bola foni mwaitchaja magetsi asanazime.