Mafunso Anu: Kutulutsa goloboyi timu ikugonja, ndi nzeru kapena misala?

Funso: Zikomo akonzi. Mwana wanga anandionetsa pa foni masewero a hockey ya pa ayezi, pomwe ophunzira a Quinnipiac anatenga chikho ku America. Chandizunguza n'chakuti mphunzitsi wawo anatulutsa goloboyi akugonja kale. Komanso akuti ankasewerera ku Florida, kotentha ngati kuno. Ayeziyo sasungunuka? — Wowerenga wa ku Nchalo

Yankho: Bambo, amene munaonawo ndi masewero omaliza a chikho cha 2023 cha NCAA, bungwe la masewero a m'mayunivesite a ku America, omwe anachitikira ku Tampa, ku Florida, pa 8 April. Mpikisanowu umakhala wa matimu 16, ndipo ukagonja kamodzi ndiye kwako kwatha. Quinnipiac, sukulu ya ku Hamden m'chigawo cha Connecticut, inachotsa Merrimack 5-0, Ohio State 4-1 ndi Michigan 5-2 isanakumane ndi Minnesota. Chaka chonsecho inapambana masewero 34, n'kugonja anayi okha.

Za goloboyizo si misala ayi. Timu imaloledwa osewera 6 pabwalo, ndipo lamulo silikakamiza kuti mmodzi akhale wapagolo. Mukatsalira ndi chigoli chimodzi nthawi ikutha, kugonja 2-1 kapena 3-1 n'chimodzimodzi, nonse mukupita kwanu. Ndiye mphunzitsi amaitana goloboyi n'kulowetsa wakutsogolo wina, kuti kugolo la adani kukhale munthu wopanda womugwira. Ambiri amadikira kuti patsale mphindi imodzi kapena ziwiri. A Rand Pecknold, mphunzitsi wa Quinnipiac, sanadikire: anatulutsa goloboyi wawo Yaniv Perets kutatsala mphindi zoposa zitatu, pomwe wosewera wina wa Minnesota anali panja pa chilango. Collin Graf wa Quinnipiac anabweza chigoli, n'kukhala 2-2, kutatsala mphindi 2 ndi masekondi 47. Mu nthawi yoonjezera, momwe woyamba kugoletsa ndiye watenga chikho, Jacob Quillan anamaliza nkhani patangotha masekondi 10. Minnesota, yomwe inatsogola 2-0, inagonja 3-2.

Kuopsa kwake n'koonekeratu. Mukangolandidwa puck, kamphira kolimba ka magalamu pafupifupi 170 kamene amakamenya ndi ndodo kaja, mdani amangokakankhira m'golo lopanda munthu, ngakhale ali kutali. N'chifukwa chake goloboyi satuluka mpaka anzake atakagwira bwino kamphirako n'kukalowetsa mbali ya adani.

Tibwere ku ayezi. Bwaloli, lotalika mamita 61 ndi 26 m'lifupi, lili m'nyumba yotsekedwa. Pansi pake pali simenti yodzaza mapaipi, ndipo m'mapaipimo mumayenda madzi amchere kapena a glycol (mankhwala oletsa madzi kuundana) ozizidwa ndi makina, monga zimakhalira m'firiji ya ogulitsa mafirizesi pamsika wa Nchalo, kungoti iyi ndi yaikulu. Amawaza madzi pang'onopang'ono mpaka ayezi afike masentimita awiri ndi theka kapena atatu, n'kumusunga pa madigiri pafupifupi 5 pansi pa ziro. Akanenepa kwambiri, pamwamba pamafewa chifukwa kuzizira sikufika msanga.

Mdani wamkulu si dzuwa koma chinyezi. Mpweya wonga wa ku Nsanje mu Januwale ukalowa m'nyumbamo, pabwalo pamachita nkhungu, ayezi amachita manthongo, kamphira kaja n'kumadumphadumpha. Choncho pamakhala makina oumitsa mpweya, ndipo pakati pa zigawo zitatu za mphindi 20, galimoto yotchedwa Zamboni imapala pamwamba n'kuthira madzi otentha, amene amadzaza m'mikwasa ya nsapato n'kuuma mosalala.