Khansa ya impso si imodzi, achemwali

Achemwali, mwalemba kuti bambo anu awapeza ndi chotupa mu impso. Musamvere amene akulemba muno kuti bambo anu achira chifukwa wakutiwakuti anamuchotsa impso ndipo akulima mpaka lero. Pepala mwaikali likungoti chotupa cha masentimita 6 ku impso yakumanja. Silinanene mtundu wake, silinanenenso ngati chafalikira, pamene nkhani yonse yagona pamenepo.

Kwa akuluakulu odwala khansa ya impso, pafupifupi 9 mwa 10 alionse imakhala ya mtundu wotchedwa renal cell carcinoma, koma nayonso ili ndi magulu. Clear cell ndiyo yochuluka, pafupifupi 7 mwa 10, ndipo imakonda kuyenda ndi magazi kukafika m'mapapo ndi m'mafupa. Papillary imatsatira. Chromophobe ndi yosowa ndipo kawirikawiri imachedwa kufalikira, nchifukwa chake ambiri amene mumamva kuti anachira ndi opaleshoni yokha nkhani yawo singafanane ndi ya wina. Ya ana aang'ono, Wilms, imamva chemotherapy. Clear cell mankhwala amenewo siiwamva kwenikweni, chimene chimapulumutsa ndi kuichotsa isanatuluke mu impso.

Ya malemu amuna anga inali clear cell. Anayamba kukodza magazi osamva kuwawa paliponse, amasiya okha kenako n'kubweranso. Tekiniko wina, amene amaona odwala m'malo mwa dokotala, pachipatala china chaching'ono kuno ku Angónia anangofunsa kuti mumalima dimba? Atayankha kuti eya, basi, akuti likodzo, praziquantel uyu. Munthu wazaka zoposa 50, wosuta fodya kuyambira unyamata, akuwonda mpaka lamba kuboola mabowo atsopano, iye osamugwira ngakhale pamimba. Titabwerera kukapempha guia, kalata yotitumiza, yoti tikajambulitse ku Tete, anatiyankha pamaso pa anthu kuti, "Mayi, mukufuna kundiphunzitsa ntchito?" Mawu amenewo sindidzawaiwala. Miyezi imene anatidyera tekiniko ameneyo ndi imene chotupa chinakulira. Mpaka lero ndikamuona pamsika ndimapatuka, mtima umandiwira.

Usiku wina magazi anaundana n'kutseka njira ya mkodzo. Ndinawapeza atagwada pambali pa chidebe, thukuta lili kamukamu, pansi pa mchombo patauma gwa, akukankha koma osatuluka kanthu, kenako kunatuluka magazi oundana aatali ngati nyongolotsi. Munthu amene sanalirepo pamaso pa ana anakuwa mpaka aneba anabwera ndi matochi. Kutacha tinakwera chapa cha ku Tete, iwo atagona pamiyendo panga, chitenje changa chitanyowa, galimoto ikagwa m'dzenje amandiluma dzanja. Pofika ku Moatize, ndi kutentha kuja, anali atasiya kuyankha. Atawaika paipi, ecografia, sikani ya pamimba ija, inaonetsa chotupa cha masentimita 11, ndipo chithunzi cha pachifuwa chinali ndi madontho mbali zonse ziwiri. Dokotala anandiitanira panja n'kunena kuti ndi siteji 4, tachedwa. Ndinakhala pansi pakhonde pomwepo, miyendo inakana.

Ndiye pa bambo anu funsani izi. Siteji: chotupa chosapitirira masentimita 7 chimene chikadali mkati mwa impso ndi siteji 1, chikalowa mumtsempha waukulu wa magazi ndi 3, chikafika m'mapapo, m'mafupa kapena m'chiwindi ndi 4. Ku America, pafupifupi 9 mwa 10 amene anawapeza isanatuluke mu impso amakhala ali moyo patatha zaka 5, koma ikapita kutali safika 2 mwa 10, ndipo kumeneko mankhwala aliko. Pali giredi, kuyambira 1 mpaka 4, imene imanena ukali wa chotupacho, ndipo mukaona mawu oti sarcomatoid papepala dziwani kuti ndi yaukali. Madokotala amaonanso ngati magazi achepa, ngati calcium wakwera, komanso ngati wodwala akutha kudziyendera ndi kudya yekha. Mankhwala a sunitinib ndi pazopanib amatalikitsa moyo ikafalikira, koma ndi okwera mtengo kwambiri, ife sitinawakwanitse.

Langizo langa, achemwali, khulupirirani achipatala ndipo musakangane nawo, muziwalankhula modzichepetsa, pakuti ndi omwewo adzakusainirani mapepala. Musakhalire pa intaneti usiku wonse, manambala amenewa amadwalitsa. Koma musachoke m'chipinda asanakulembereni TAC, imene ena amati CT scan, ya pamimba ndi pachifuwa, ndipo akati Beira kapena Maputo, gulitsani mbatata, gulitsani ng'ombe, pitani mwezi uno. Akachotsa impsoyo muumirire kuti chotupacho chikayezedwe ndipo zotsatira zake mukhale nazo m'manja, chifukwa mtundu ndi giredi zimalembedwa mmenemo. Impso imodzi imakwanira munthu, bola BP aziisamala ndipo asamamwe diclofenac ndi ibuprofen wa pamsika.