Mwana akalemba kuti 3 × 1/4 ndi 3/12

Mayi, mwafunsa chifukwa chake mwana wanu akuchulukitsa nambala zonse ziwiri, ya pamwamba ndi ya pansi, n'kupeza 3/12 m'malo mwa 3/4. Ana ambiri amakodwa pamenepa, choncho musamukalipire. Iye akuona manambala awiri osiyana, sanazindikire kuti 1/4 ndi chinthu chimodzi.

Yambani mwaika kaye kope pambali. Tengani nzimbe imodzi, muidule zidutswa zinayi zofanana. Kufananako n'kofunika kwambiri, chifukwa zikasiyana kutalika ndiye kuti si makotanso. Mupatseni chidutswa chimodzi, atchule yekha kuti ndi 1/4. Onjezani china, kenako china, iye aziwerenga: kota imodzi, makota awiri, makota atatu. Ndiye mumufunse kuti, kodi zidutswazo zachepa msinkhu pamene amaziwerenga? Ayi ndithu, zangochuluka. Nambala ya pansi, 4, imanena kukula kwa chidutswa, ndipo sisintha. Ya pamwamba ndiyo imawerenga zidutswa zimene wanyamula.

Muonetseninso kuti 3/12 ndi chimodzimodzi 1/4. Ndiye kuti wachulukitsa katatu koma watsala ndi chidutswa chimodzi chomwe chija, ndipo mwana aliyense wokonda nzimbe akana zimenezo.

Akamvetsa, dulani nzimbe yachiwiri kuti afike pa 5 × 1/4. Aona yekha kuti 5/4 ndi nzimbe yathunthu ndi kota imodzi.

Ine ndimakondanso kugwiritsa ntchito wotchi. Kota ya ola ndi mphindi 15, ndiye makota atatu ndi mphindi 45. Muyeseni mawa m'mawa asanapite kusukulu.