Bokosi la Mafunso: Gemu yakale ya ana ikukana pa laputopu

Funso: Ndili ndi CD ya gemu ya ana ya Putt-Putt, koma pa laputopu ya Windows 11 ikukana kulowa. Kodi CD yawonongeka? Mayi wa ku Chinamwali, Zomba.

Yankho: Mayi, kawirikawiri vuto si CD ayi. Magemu ambiri a m'ma 1990 ali ndi pulogalamu yolowetsera ya 16-bit, ndipo Windows ya 64-bit, monga Windows 11 yanuyo, siitha kuyendetsa mapulogalamu otere.

Kuyambira mu 2014, magemu a kampani ya Humongous Entertainment, monga Putt-Putt, Freddi Fish ndi Pajama Sam, amagulitsidwa pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, atakonzedwa kuti aziyenda pa makompyuta amakono. Mufunika akaunti ndi khadi la kubanki lovomerezeka kugulira zinthu pa intaneti. Mukatsitsa, ikani Steam pa Offline Mode, kutanthauza kusewera popanda intaneti, kuti bandulo isamathe.

Koma poti CD muli nayo kale, ife tikuti musawononge ndalama. Tsitsani ScummVM, pulogalamu yoyendetsera magemu akale pa makompyuta amakono, ndi yaulere. Koperani mafayilo onse a pa CD muwaike mu foda imodzi, tsegulani ScummVM, dinani Add Game, musankhe fodayo. Mawu kapena nyimbo zikasowa, mwina fayilo ina sinakopedwe bwino chifukwa CD yakalika. Ipukuteni ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita m'mphepete, mukoperenso.

Magemuwa ndi a Chingerezi, choncho masiku oyamba muzikhala naye pafupi mwanayo.