Kudziletsa ndi kwina, kudzitseka pakamwa ndi kwina

Mafunso amene ndasankha ulendo uno achokera kwa abale athu okhala kuno ku Joni, ndipo onse akukhudza kulankhula ndi kukhala chete. Awiri mwa olembawo andipempha kuti ndisatchule mayina awo ngakhale mudzi wa kwawo. Ndamvera, ndipo ndabisa mayina a onse.

Funso: "Bambo, amayi a kutchalitchi kwathu ku Rosettenville tapatsidwa kapepala kofotokoza ufulu wa ana kusukulu kuti tikalembe m'Chichewa, makolo anzathu amve. Tafika pa mawu akuti self-censorship. Ine ndalemba 'kudziletsa', koma mnzanga akuti ayi. Wakhoza ndani?"

Wakhoza ndi mnzanuyo, Mayi, ngakhale ndikuona chimene chinakukokerani ku mawu amenewo. Kudziletsa ndi khalidwe lotamandika. Mlaliki akamawerenga zipatso za Mzimu pa Agalatiya 5, chomalizira chimakhala chiletso kapena kudziletsa, malinga ndi Baibulo limene wanyamula. Munthu amene mlamu wake wamulankhulira zopweteka pa siwa, iye n'kumeza mawu kuti maliro aikidwe mwaulemu, ameneyo wadziletsa. Palibe wamuopseza. Wayeza yekha nthawi ndi malo, ndipo mawa lake amuitanira mlamuyo kuseri kwa nyumba kuti akambirane.

Chimene kapepala kanu kakunena ndi china. Ndi mwana amene akudziwa kuti mnzake amamenyedwa kuseri kwa makalasi tsiku ndi tsiku, koma sanena chifukwa akuopa kuti akapita kuofesi amufunsa mapepala a makolo ake. Mukalemba kuti mwanayo "akudziletsa", mwaveka mantha malaya a ulemu, ndipo kholo lowerenga liganiza kuti kapepalako kakuyamikira zimenezo. Lembani kuti "kudzitseka pakamwa chifukwa cha mantha", kapena "kubisa maganizo poopa chilango". Ndi mawu otalika, inde, koma sanama.

Taonaninso kachidutswa ka -dzi- kamene kali pakati pa mawuwo. Ntchito yake ndi kusonyeza kuti wochita ndi wochitiridwa ndi mmodzi: kudzicheka, kudzikanda, kudzitama. Pa nkhani inoyi kachidutswaka kali ndi vuto, chifukwa kamasenzetsa mlandu wonse munthu amene ali cheteyo, ngati anangodzuka m'mawa n'kusankha kusalankhula. N'chifukwa chake ine ndimakonda liwu lakuti "poopa". Liwuli siliima lokha, limafuna muwonjezere: poopa ndani, poopa chiyani? Poopa aphunzitsi aakulu, poopa bwana, poopa kubwezedwa kumudzi. Mukatero, amene anadzala manthawo waonekera.

Tonse amene timakwera matekisi pa Bree kapena pa Noord tikuidziwa nkhaniyi. Foni ikulira, nambala ndi ya kumudzi, munthu n'kuidula kapena kunong'ona kuti "ndiimbabe" n'kuibweza m'thumba. Manthawo sanangobwera okha. Mu Meyi 2008 ziwawa zolimbana ndi anthu obwera zinayambira ku Alexandra n'kufalikira m'madera ena, ndipo anthu 62 anaphedwa. Masiku amenewo achiwembu ena ankaimitsa munthu n'kuloza chigongono chake kuti achitchule m'Chizulu. Wolephera kunena kuti indololwane ankadziwika kuti ndi wobwera. Ndiye munthu akamati "kwa eni kulibe mkuwe" pofotokoza chifukwa chimene salankhulira Chichewa m'tekisi, ine ndimamumvetsa, sindimuweruza. Chimene ndimakana n'kutchula zimenezo kuti mwambo. Mwambi uja umalangiza mlendo kuti asamadzitukumule pa mudzi wa eni. Sunena kuti mayi aziopa kuyankha foni ya mwana wake.

Funso: "Aphunzitsi, ndine mnyamata wophunzira pa yunivesite ina kuno ku Johannesburg, ndipo ndikulemba za nthawi ya chipani chimodzi ku Malawi. Ndikufuna kukacheza ndi agogo ndi anzawo m'Chichewa. Kodi censorship ndinene kuti chiyani? Nanga academic freedom ndi 'ufulu wa maphunziro'?"

Achimwene, liwu limodzi lonyamula zonse palibe, ndipo musataye nthawi kulifunafuna. Tili ndi mawu angapo, lililonse ndi kulemera kwake. Kuletsa ndi kulamula poyera kuti buku ili lisagulitsidwe, nyimbo iyi isamveke pa wailesi. Kusefa ndi kulola chinthu chidutse utachotsamo zina, monga timachitira ndi ufa: magazini akunja ankafika m'masitolo masamba ena atang'ambidwa kapena atapakidwa inki yakuda. Kutseka pakamwa kumachitikira munthu, osati pepala. Ndiye pali kuunika, liwu limene limamveka bwino m'makutu a olamulira. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe loyang'anira mabuku, mafilimu ndi zisudzo, ndipo ambiri pomasulira amati "bungwe lounika mabuku ndi mafilimu". Koma kuunika ndi ntchito ya muuni ndi ya dokotala, kumabweretsa kuwala. Bungwe limene linkasankhira mtundu wonse zoti uwerenge ine ndimalitcha "losefa ndi kuletsa", popeza ndiyo ntchito imene linkagwira.

Panalinso njira ina imene sinkafuna chilengezo. Ndakatulo za Jack Mapanje, katswiri wa ziyankhulo amene ankatsogolera dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, zinangochotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu. Mu 1987 mwini wakeyo anamangidwa n'kusungidwa ku ndende ya Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka 1991. Zochitikira mabuku akezo munganene kuti "kuchotsa mwakachetechete".

Koma chimene ndikufuna mumvetse kuposa mndandanda wa mawuwu ndi ichi. Mukakhala pansi ndi agogo, tcherani khutu ku mmene akuumbira mawu awo. Mudzamva akuti "anatengedwa usiku", "anasowa", "anapita naye", "anthu aja anabwera". Mchira wa -edwa kapena -idwa umalola munthu kufotokoza zimene zinachitika osatchula amene anazichita, ndipo m'badwo wathu unaugwiritsa ntchito ngati chishango kwa zaka pafupifupi 30. Liwu lakuti "ngozi" nalo linasenza tanthauzo lachiwiri. Mu Meyi 1983 boma linalengeza kuti nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza. Kafukufuku amene anachitika boma litasintha mu 1994 anapeza kuti anachita kuphedwa. Agogo akanena kuti wakutiwakuti "anachita ngozi" n'kutsitsa mawu, musafulumire kulemba. Funsani mofatsa kuti "Agogo, inali ngozi yanji?" kapena "anatengedwa ndi ndani?", kenako dikirani. Ena adzayankha, ena adzayang'ana kukhomo ngakhale ali m'nyumba mwawo momwe, ndipo kuyang'ana kumeneko mukulembenso.

Za "ufulu wa maphunziro", ayi, musagwiritse mawu amenewo. Mmalawi aliyense akawamva aganiza za mwana wopita kusukulu, zimene zili m'gawo 25 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi. Chimene mukufunacho chili m'gawo 33, ndipo ndingachitchule kuti "ufulu wophunzitsa ndi kufufuza mopanda kuopsezedwa". Musaganize kuti nkhaniyi inathera mu 1994. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa mphunzitsi wa za ndale, Blessings Chinsinga, kuti amufunse za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi ku Chancellor College. Funso limene aphunzitsi anzake anafunsa linali lakuti, mawu a m'kalasi anafika bwanji kupolisi? Anasiya kuphunzitsa, anayi anachotsedwa ntchito, ndipo mkanganowo unatenga miyezi yambiri chaka chimenecho.

Chinthu chimodzi sindingachilumphe, popeza ndine mphunzitsi wa Chichewa. Chaka chomwecho cha 1968, pamene Chichewa chinakwezedwa kukhala chiyankhulo cha dziko lonse, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya boma ndi m'masukulu, ndipo pa wailesipo chinabwereranso boma litasintha mu 1994. Chiyankhulo chimene ndimachikondachi chinagwiritsidwa ntchito potseka pakamwa abale athu a kumpoto. Mukapita ku Orlando West kukaona chikumbutso cha Hector Pieterson, mudzakumbukira kuti ana a ku Soweto anatuluka m'makalasi pa 16 Juni 1976 pokana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans mokakamiza. Nkhani ziwirizi n'zosiyana kukula ndi magazi ake, koma muzu wake ndi umodzi: wolamulira kusankhira mwana lilime. Ngati pakati pa anzawo a agogo pali Mtumbuka, Myao kapena Mtonga, mufunseni chiyankhulo chimene akufuna kulankhulira.

Funso: "Bambo, ndine mlembi wa gulu lathu lothandizana pa maliro kuno ku Mayfair. Membala wina analemba pa WhatsApp kuti, 'Ndalama zotumizira maliro kumudzi zikupita kuti, kapena mukudya?' Akomiti anamuchotsa pagulupo ati ndi mwano. Iye akuti ali ndi ufulu wolankhula zakukhosi. Kodi 'zakukhosi' ndi 'chakukhosi' n'chimodzimodzi? Akomiti akuti munthuyu angokhala ndi chakukhosi."

Si chimodzimodzi, Bambo, ndipo kusiyana kwake kuli pa kachilembo koyamba kokha. Zakukhosi ndi zimene zakhala munthu pakhosi zikufuna kutuluka: madandaulo, mafunso, maganizo. Akazinena timati kukhosi kwake kwayera, kapena kukhosi kuli mbee. Chakukhosi ndi chimodzi, cholimba, chosungidwa, ndi mangawa. Timati "ndilibe nanu chakukhosi" pofuna kutsimikizira mnzathu kuti mtima uli bwino. Amene anayamba kunena kuti "ufulu wolankhula zakukhosi" anasankha bwino kwambiri, chifukwa mawuwa akunena zimene thupi limamva munthu akaletsedwa kulankhula. Ndipo kawirikawiri chakukhosi chimabadwa pamene zakukhosi zakanizidwa njira. Akomiti anu akamuchotsa munthuyo osamuyankha, chakukhosi chimene akumunamiziracho adzakhala nachodi.

Tsopano tione mawu ake. Mbali yoyamba, "ndalama zikupita kuti", ndi funso, ndipo aliyense wosonkha ndalama ali woyenera kulifunsa. Mbali yachiwiri, "kapena mukudya", ndi kukayikira kolankhulidwa mwaukali. Akanatha kuifewetsa, ndipo ndikanamulangiza kutero. Koma si kutukwana. Chichewa chimasiyanitsa bwino zinthu izi. Kudzudzula ndi kuloza cholakwa kuti chikonzedwe. Kutsutsa ndi kukana mfundo ya mnzako. Kunyoza ndi kuchepetsa munthuyo, kutukwana ndi kutchula zamanyazi za iye kapena za makolo ake, ndipo kunamizira ndi kumusenzetsa mlandu ukudziwa kuti sanaupalamule. Gulu lingaike lamulo loletsa zitatu zomalizirazi popanda kupondereza aliyense. Ngakhale malamulo a dziko lino la South Africa, m'gawo 16, amateteza ufulu wolankhula koma sateteza kukopa anthu kuti achite ziwawa kapena kulalikira chidani chovulaza ena chifukwa cha mtundu, khungu, chipembedzo kapena kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi. Funso la ndalama za maliro siliyandikira n'komwe malire amenewo.

Liwu lakuti "mwano" ndimaliopa. Ndi liwu loona, ndipo mwano ulipodi, koma ndi limene timathamangira tikafunsidwa funso limene sitikufuna kuyankha. Ambiri a ife tinakula tikuloweza nsanamira zinayi zija, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo mwana wokweza dzanja kuti "Aphunzitsi, pamenepo mwalakwitsa" ankapatsidwa khasu. Maepiskopi a Katolika atalemba kalata yawo imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, boma linaitcha youkira, pamene munali mafunso okhudza masukulu, zipatala, malipiro ndi anthu omangidwa popanda mlandu. Chizolowezi chimenecho tinabwera nacho m'mabasi mpaka pa Park Station, ndipo chimaonekera m'makomiti athu a maliro ndi a matchalitchi. Langizo langa: mubwezereni membalayo pagulu, msungichuma aike poyera ndalama zolowa ndi zotuluka, ndipo pambuyo pake, ngati mawu akuti "mukudya" akupwetekabe, akuluakulu awiri amuitanire pambali.

Funso: "Malume anga amandikonza nthawi zonse ndikalemba 'kuyankhula' pa gulu la banja lathu. Akuti ndi 'kulankhula'. Tsopano ndinangosiya kulemba m'Chichewa. Cholondola n'chiti?"

Zonse ziwiri n'zolondola, mwana wanga. Ena amati kulankhula, ena kuyankhula. Ena chilankhulo, ena chiyankhulo, ndipo m'mabuku ndi pa wailesi umva zonse. Malume ako ayenera kuti anaphunzira m'masiku a bungwe la Chichewa limene linakhazikitsidwa mu 1972, pamene anthu ankaphunzitsidwa kuti pali kalankhulidwe kamodzi kovomerezeka. Ntchito imeneyo inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996, kumene amasamalira ziyankhulo zonse za m'Malawi. Yambanso kulemba pagulupo. Ukamalemba kalata kapena nkhani ya kusukulu, sankha kamodzi mwa kalembedwe kawiriko n'kukagwiritsa kuyambira pamwamba mpaka pansi. Malumewo uwaonetse yankho ili mwaulemu, ndipo uwauze kuti unasiya kulemba chifukwa cha kukonza kwawoko, popeza mwina sakudziwa.