Kodi chigawo cha pa mapu n'chofananadi mkati mwake?

Wowerenga wina wanditumizira imelo iyi: "Pa mapu ogawa malo motengera chilengedwe, chigawo chonse amachipaka mtundu umodzi. Ndingadziwe bwanji kuti malo a mkati mwa mzerewo ndi ofananadi?"

Zikomo kwambiri pofunsa. Musanayeze chilichonse, dziwani kaye kuti mukufuna malowo afanane pa chiyani. Malo amatha kulandira mvula yofanana koma n'kusiyana kutalitali pa kuya kwa dothi. N'chifukwa chake ndondomeko imene bungwe la FAO (la United Nations loona za chakudya ndi ulimi) linatulutsa mu 1976 imati malo aziunikidwa molingana ndi ntchito imene akufuna kugwirapo. Ngati nkhawa yanu ili pa kukokoloka kwa nthaka, yezani kutsetsereka kwa malo ndi mtundu wa dothi.

Mukatero, tengani masampulo pamalo osankhidwa mwachisawawa m'chigawo chonsecho. Musamangokumba m'mbali mwa msewu poti n'pofikika, chifukwa dothi la pamenepo limakhala losokonezedwa kale.

Tiyerekeze kuti mwakumba maenje anayi m'chigawo china ndipo dongo mwalipeza lokwana 28, 30, 31 ndi 33 peresenti. M'chigawo chachiwiri mwapeza 10, 25, 40 ndi 47. Avareji konseko ndi 30.5, moti woona avareji yokha anganene kuti zigawozi n'zofanana. Koma dothi la dzenje la 10 peresenti limanyenyeka m'dzanja ngakhale mutalinyowetsa, pomwe la 47 limamata zala. Werengerani standard deviation (nambala yosonyeza mmene miyeso yatalikirana ndi avareji), muigawe ndi avareji, muchulukitse ndi 100. Chimene mwapezacho ndi coefficient of variation: chigawo choyamba pafupifupi 7 peresenti, chachiwiri 54. Akatswiri ambiri a nthaka amaona kusiyana kosafika 15 peresenti ngati kochepa, kopitirira 35 ngati kwakukulu. (Pa pH, womwe ndi muyeso wa asidi m'dothi, musagwiritse ntchito njirayi, popeza nambala iliyonse ya pH imasiyana ndi inzake kakhumi.) Maenje anayi ndawatchula kuti masamu aphweke, pa ntchito yeniyeni ndi ochepa kwambiri.

Kwa ine, muyeso wofunika koposa ndi kuyerekeza kusiyana kwa mkati mwa zigawo ndi kusiyana kwa m'dera lonse. Ngati ziwirizi zili pafupifupi chimodzimodzi, mizereyo sinalekanitse kanthu, ndipo amene akukonzera ntchito pa mapu otero akusocheretsedwa. Zimenezi zimandidetsa nkhawa chifukwa mapu okongola anthu amawakhulupirira msanga.

Yang'ananinso sikelo. Pa mapu a 1:50,000 (pomwe sentimita imodzi imaimira masentimita 50,000 a pamtunda), kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse kamaimira mahekitala 25, choncho kadambo kopapatiza kodutsa pakati pa chigawo sikangajambulidwe. Ojambula mapu a nthaka ku United States amalola kuti m'chigawo cha dothi la mtundu umodzi mukhale dothi lina losiyana mpaka 25 peresenti, koma lisapitirire 15 peresenti ngati likulepheretsa ntchito. Funsani amene anajambula mapu anuwo kuti iwo analola zochuluka bwanji, ndiponso kuti timalo tosiyanato timapezeka mbali iti ya chigawocho.