Makoswe akadya mawaya a injini, tepi yokha siikwanira

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Mwanena kuti galimoto yanu inakhala masabata atatu osayenda, ndipo mutailiza injini inayamba kunjenjemera, nyale ya injini pa dashibodi n'kuyaka, kenako mutatsegula boneti munapeza mawaya awiri atakukutidwa ndiponso zitosi za makoswe pafupi ndi batire. Mukufuna kudziwa ngati kupota mawayawo n'kukulunga tepi kungakwanire, komanso chimene mungachite kuti makoswewo asabwerenso. Ndisakubiseni, tepi ikhoza kukufikitsani kugaraja koma sikuti mwakonza, ndipo mawaya awiri amene mwawaonawo kawirikawiri sakhala okhawo amene adyedwa.

Musanagwire chilichonse jambulani zithunzi, chifukwa ngati muli ndi inshulansi ya comprehensive, imene imalipiranso galimoto yanu yomwe ikaonongeka, n'kutheka kuti imalipira vuto lotere, ndipo adzafuna umboni. Mukatero masulani batire, kuyambira mbali ya minus. Waya wosendeka akakhudza chitsulo amachita shoti, ndipo ngati pafupi pali chisa cha masamba ouma, nsanza ndi mapepala, moto sumachedwa kubuka. Zitosi ndi chisacho musazisese zili zouma kapena kuziuluza ndi kompuresa, chifukwa fumbi lake likhoza kukhala ndi kachilombo ka hantavirus, pamene mkodzo wa makoswe umafalitsa matenda a leptospirosis. Valani magolovesi, nyowetsani zonsezo ndi madzi osakaniza ndi bulichi, gawo 1 la bulichi pa magawo 9 a madzi, dikirani mphindi 5, ndipo muziwole ndi pepala. Bulichi amadya chitsulo, choncho asalowe m'mapulagi a mawaya.

Khoswe sakukuta waya chifukwa cha njala ayi. Mano ake akutsogolo amakula moyo wake wonse, mamilimita 2 kapena 3 pa sabata, ndipo amakukuta chilichonse chimene chili panjira yake kapena chimene angamangire chisa. Injini imamukopa chifukwa imakhala yofunda, yamdima, komanso yopanda chomusokoneza galimoto ikaima nthawi yaitali. Ndiye tengani tochi mulondole kumene ankadutsa. Chotsani chivundikiro chapamwamba pa injini, tsegulani bokosi la air filter (sefa ya mpweya wolowa mu injini), yang'anani pansi pa intake manifold (mapaipi olowetsa mpweyawo mu injini) ndi kuseri kwa batire, ndipo musaiwale cabin filter, sefa ya mpweya wolowa m'kati mwa galimoto, imene m'galimoto zambiri imakhala kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa pasenja. Pimani ndi zala timapaipi ta raba ta mpweya, ta madzi otsukira galasi ndi ta mafuta. Kunjenjemera kumene mwanenako kumachitika kawirikawiri waya wa injector (chopopera mafuta mu injini) kapena wa coil (chopereka moto ku mapulagi a injini) akaduka, koma kapaipi ka mpweya koboola kamachititsanso zomwezo.

Pa kalumikizidwe ndi pamene ambiri timalakwitsa. Mawaya opota ndi manja amamasuka chifukwa injini imagwedezeka nthawi zonse, ndipo tepi wamba imamatuka ikatenthedwa n'kukhudzana ndi oilo. Chinyezi chikalowa, kopa amabiriwira, magetsi n'kumadutsa mwa apo ndi apo, ndipo vuto lotereli ndi lozunza kwambiri chifukwa limabwera lero, mawa n'kusowa pamene mwafika kwa makaniko. Choyenera n'kudula mbali yonse yokukutidwa mpaka pamene kopa akuoneka wowala, n'kuikapo waya wina wa galimoto wonenepa chimodzimodzi, osati wa magetsi a m'nyumba. Lumikizani ndi timachubu tofinya ndi pulayazi yake yeniyeni, kapena wotchererani ndi mtovu wochepa, chifukwa ukachuluka umaumitsa waya ndipo amadzathyokera pomwepo. Pamwamba pake valikani heat shrink (kachubu ka pulasitiki kamene kamafinyika kakatenthedwa) ya guluu mkati, kuti madzi asalowe. Ngati mawaya oduka ndi ambiri pamalo amodzi, lumikizani mmodzi mmodzi motsatira mtundu ndi mzere wake, ndipo mfundozo zisakhale pamodzi, muzitalikitseko. Fyuzi ikapezeka yapsa ikani ya nambala yomweyo. Kuika yokulirapo kuti isapsenso n'kuuza waya kuti apse m'malo mwake.

Pali mawaya ena amene sindingakulangizeni kuwagwira nokha. Amene ali ndi mapulagi achikasu ndi a airbag, ndipo zingwe zonenepa za mtundu wa lalanje m'galimoto za hybrid, zoyendera mafuta ndi magetsi omwe, zimanyamula magetsi oti angaphe munthu. Palinso mawaya awiri opotana okhaokha otchedwa CAN bus, amene makompyuta a galimoto amalankhulirana. Kupotanako n'kwadala, kumateteza uthenga kuti usasokonezeke, choncho wolumikiza ayenera kuwasiya opotana ndi ofanana kutalika. M'galimoto zambiri zamakono, batire litamasulidwa, multimeter (chipangizo choyezera magetsi) imaonetsa ma ohm pafupifupi 60 pakati pa pini 6 ndi pini 14 pa pulagi ya OBD, yolumikizira kompyuta yopimira galimoto, imene ili pansi pa dashibodi. Ikaonetsa 120 ndiye kuti penapake padakali poduka, ndipo ikayandikira 0 ndiye kuti mawaya awiriwo akhudzana. Zonse zikatha, galimoto iikidwe pa kompyuta, afufute makodi akale osonyeza mavuto, muyendetse, muone ngati ena abweranso. Ngati makoswe anadya mpaka pakamwa pa pulagi, gulani pulagi yokhala ndi mawaya ake, ndipo ngati anaononga malo ambiri ndi bwino kungosintha mtolo wonse wa mawayawo.

Za kapewedwe mumva zambiri kwa anthu, ndipo zina n'zongotayitsa nthawi. Mafuta onunkhira a peppermint amatha fungo pakapita masiku ochepa, timakina ta phokoso makoswe amatizolowera, ndipo timibulu tothamangitsa njenjete m'zovala ndi poizoni amene mudzapuma nokha mukayatsa fani. Poizoni wa makoswe nayenso sindimukonda pafupi ndi galimoto, chifukwa khoswe amakafera m'njira za mpweya momwe dzanja silifika, komanso galu kapena mphaka akhoza kudya wakufayo. Chimene chimathandizadi n'kutsukitsa injini kuti fungo la mkodzo lichoke, poti ndi limene limalondolera anzawo, ndiponso kuchotsa udzu wautali, zinyalala, milu ya matabwa ndi chakudya cha ziweto pamene mumaimika galimoto. M'kati mwa galimoto musasiyemo nyenyeswa. Ngati garaja yanu ndi yotseka, siyani boneti yotsegula usiku kuti mdima ndi kufunda zichoke, ndipo galimotoyo iziyenda sabata iliyonse. Polowera mpweya wa m'kati mukhoza kutsekapo ndi sefa yachitsulo ya maso ang'onoang'ono, pokumbukira kuti mbewa imadutsa pabowo la mamilimita 6 okha. Kampani ya Honda imagulitsanso tepi yokhala ndi capsaicin, chinthu chimene chimachititsa tsabola kuwawa, ndipo mukhoza kuikulunga pa mawaya a galimoto ya mtundu uliwonse mutavala magolovesi.

Koma khoswe amene anadya mawaya anuwo adakali pafupi, choncho tcherani misampha usiku womwe uno, musanakonze n'komwe. Ikani m'mbali mwa khoma ndi pafupi ndi matayala, chifukwa ndi pamene amakwerera, ndipo pansi pa injini yalani katoni yoyera kuti m'mawa muziona ngati pagwa zitosi zatsopano. Misamphayo muichotse pokhapokha patadutsa sabata yathunthu katoniyo ili yoyera.